Miyala ya m'munda musaitaye: zimene ankachita a ku Nyanga

Inu alimi a m'mapiri, miyala ija mumaiunjika pakona pa munda n'kumadandaula kuti ikubunthitsa makasu, anthu ena kalekale anaisandutsa chotchingira nthaka.

Ku Nyanga, kum'mawa kwa Zimbabwe pafupi ndi malire a Mozambique, mapiri ambiri ali ndi mizere ya miyala yotsatana ngati masitepe. Eni ake anakhala kumeneko kuyambira cha m'ma 1300 mpaka m'ma 1800, ndipo ena mwa malowa, otchedwa Ziwa, lero ndi otetezedwa ndi boma. Ankatola miyala m'munda momwemo n'kuiyala mopingasa phiri. Madzi a mvula ankafika pamwala n'kufooka, dothi n'kutsalira. Ankalimamo mapira, mawere ndi khobwe.

Koma chondigwira mtima ine ndi khola lawo. Robert Soper, amene anafufuza malowa m'zaka za m'ma 1990, anafotokoza za maenje omangidwa ndi miyala pakati pa nyumba. Ng'ombe zawo, zomwe zinali zazing'ono, zinkalowamo kudzera m'kanjira kofoleredwa ndi miyala. Pansi pa dzenje panali ngalande yotulutsira madzi a ndowe kumunsi, kumene kunali timinda ta pakhomo. Anthuwa anadziwa kuti mwala umagwira dothi koma sulidyetsa. Ife lero timamanga khola kumunsi kwa munda, mvula ikagwa manyowa onse ulendo wa kumtsinje. Si kutaya kumeneko?

Ntchito yoyala miyala m'munda mwanu muiyambe mukangokolola, nthaka ili youma. Yesani mzere wopingasa phiri ndi A-frame (chida cha mitengo itatu chooneka ngati chilembo A) monga mumachitira poika akalozera, ndipo yambirani kumtunda kwa munda, chifukwa mukayambira kumunsi madzi ochokera pamwamba adzagumula zonse. Kumbani kangalande kosaya, mukhazikemo miyala ikuluikulu kuti ikhale maziko. Ing'onoing'ono muithire mbali ya kumtunda, izisefa madzi. Musathamangire kumanga chikhoma chachitali. Mpanda wolekeza m'mawondo ndi wokwanira, mudzawonjezera chaka chamawa dothi likadzaza. Pamene phiri latsetsereka kwambiri, mizere iyandikane.

Miyala ikachepa, bzalani udzu wa vetiva mumzere womwewo mvula ikakhazikika. Ndipo ngati chaka chino mukumanga khola latsopano, la mbuzi kaya la ng'ombe, liikeni kumtunda kwa dimba la pakhomo, mukumbe kangalande kolowera m'masamba anu, koma kutali ndi chitsime.