Vidiyo ikamadukiza pa laputopu, yambani mwayang'ana RAM

Inu amene mumakonza mavidiyo a maukwati, kupanga makadi a zinkhoswe, kapena kuyendetsa timalo ta masewera a pakompyuta ku Ndirande ndi ku Chilomoni, ambiri mumadalira malaputopu akale ogula ku Limbe kapena m'tawuni. Dandaulo lanu limafanana: ntchito imayamba bwino, pakapita kanthawi chithunzi n'kuyamba kudukiza, mausi n'kumaima-ima. Wina akakuuzani kuti graphics ya makinawo, gawo limene limakonza zithunzi zooneka pa sikirini, ndi yofooka, mugule ena, musathamangire kutulutsa ndalama. Kawirikawiri vuto limakhala pa RAM, memory imene makina amasungiramo kwakanthawi zimene akugwirapo ntchito, ndi momwe kernel ikuigawira.

Kernel ndi gawo la Windows kapena Linux limene limagawira mapulogalamu malo ogwirira ntchito. Imadula RAM m'timagawo ta 4 KB n'kumapatsa pulogalamu iliyonse monga ikupemphera. Tsono malaputopu ambiri amene tili nawo ali ndi Intel HD Graphics, Intel UHD kapena AMD Radeon yokhala m'kati mwa purosesa momwemo. Graphics yotereyi ilibe memory yakeyake. Imabwereka RAM yomweyo, ndipo Windows imailola kutenga mpaka theka. Pa makina a 4 GB, Windows imakhala itadya kale gawo lalikulu, Chrome yatengako, ndiye pulogalamu ya vidiyo ndi graphics zimalimbirana zotsala.

RAM ikadzaza, kernel imasamutsira timagawo tina ku disiki, mu fayilo ya pagefile.sys pa Windows kapena mu swap pa Linux. Taganizirani telala wapakhonde amene thebulo lake lachepa, nsalu zina n'kukazisunga kunyumba ku Bangwe: akafuna kansalu kamodzi, makina aime, akwere minibasi. Kuti vidiyo ioneke yosalala pa zithunzi 60 pa sekondi, chithunzi chilichonse chiyenera kukonzeka m'mamilisekondi osakwana 17 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000). Hard disk yozungulira ija imatha mamilisekondi pafupifupi 10 kungofufuza malo amodzi, pamene RAM imayankha m'nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi. Kernel ikapita ku disiki kawiri kokha, chithunzi chachedwa kale. Kudukiza mukuona kuja n'kumeneko.

Musanagule kanthu, dzionereni nokha. Tsegulani ntchito imene imavutayo, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, lowani pa Performance. Memory ikakhala pafupi kudzaza, Disk n'kumakhazikika pa 100%, koma GPU, yomwe ndi graphics ija, ikuoneka kuti sinatope, dziwani kuti graphics ilibe mlandu. Pa Memory pomwepo yang'anani pamene palembedwa Slots used. Mukaona 1 of 2, muli ndi mwayi waukulu: pali malo oikapo RAM yachiwiri.

Apa ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi pamene anthu amataya ndalama. RAM imodzi imayendetsa deta pa njira imodzi. Ziwiri zofanana zimatsegula njira ziwiri. RAM ya DDR4-2400 ikakhala yokha imatha kunyamula 19.2 GB pa sekondi, zikakhala ziwiri 38.4 GB. Graphics yobwereka RAM imadalira kwambiri liwiro limeneli, kotero ziwiri za 4 GB zimaithandiza kuposa imodzi ya 8 GB. Pokagula, nyamulani laputopuyo. RAM za mtundu wa DDR3L ndi DDR4 sizilowa pamalo amodzi chifukwa kampata kake kali posiyana, ndiye musalole munthu kukankha mokakamiza. Wogulitsayo aiike inu mukuona, muyatse, muone Slots used yasintha, kenako mulipire. Malaputopu ena opyapyala RAM yake ndi yowotcherera, siionjezeka. Zimenezi mufunse musanagule makinawo.

Chachiwiri ndi SSD, disiki yosazungulira imene imathamanga kuposa hard disk. Siichulukitsa RAM, koma kernel ikapita kukatenga timagawo tija imabwerako msanga kwambiri, ndipo kudukiza kumachepa.

Pali zinthu ziwiri zimene ndimaziletsa ndi mtima wonse. Musazimitse pagefile poganiza kuti makina athamanga. RAM ikadzaza popanda kothawira, pulogalamu imangotsekeka, ndipo vidiyo ya ukwati wa eni ake imene simunasunge yapita. Komanso chotsani timapulogalamu tolonjeza kuyeretsa RAM. Timangokankhira zinthu ku disiki kuti nambala ioneke yokongola, kenako kernel n'kuvutika kuzibwezanso. RAM imene Windows yasungiramo mafayilo amene mumatsegula kawirikawiri sinawonongeke ayi, imaperekedwa nthawi yomweyo pulogalamu ikaifuna.

Ophunzira a ku MUBAS ndi ena amene muli pa Linux, lembani free -h mu terminal, polembera malamulo paja, n'kuwerenga pa available, osati pa free. Ngati RAM ndi yochepa, yatsani zram, imene imapanikiza timagawo n'kutisunga mu RAM momwemo m'malo mopita ku disiki. Fedora, mtundu wina wa Linux, inayamba kubwera nayo yoyatsa kale mu 2020.

Onaninso pa Settings, System, About kuti Windows yanu ndi ya 64-bit. Ya 32-bit siitha kugwiritsa ntchito RAM yoposa 4 GB, ngakhale mutaikamo 16 GB. Ndipo magetsi akazima, laputopu ili pa batire imachepetsa dala liwiro la purosesa ndi graphics, choncho ntchito yolemera yotulutsa vidiyo muisungire nthawi imene chaja chili pamoto. Pokonza vidiyo ya 4K pa makina a 8 GB, tsekani Chrome, ndipo gwiritsani ntchito ma proxy, timavidiyo topepuka timene Premiere Pro, DaVinci Resolve ndi Kdenlive amatha kupanga. Vidiyo yeniyeniyo idzafunika potulutsa pokha.