Yendani pang'ono mukatha kudya, muteteze mitsempha ya magazi

Inu amene muli ndi matenda a shuga, ndi inu owasamalira, tamvani za kachikopa kopyapyala kamene kanakuta mkati mwa mtsempha uliwonse wa magazi. Madokotala amakatcha endothelium. Kachikopaka ndi ka maselo oyalana mzere umodzi wokha, koma shuga yense wochoka m'magazi kupita ku ziwalo amadutsa pamenepa kaye. Kadutsidwe kake kamasiyana malinga ndi chiwalo.

M'chiwindi kachikopaka kali ndi mabowo, shuga amangolowa ngati madzi pa sefa. Mu impso namonso muli timabowo. Impso zimasefa magalamu pafupifupi 180 a shuga patsiku, kenako n'kumubwezera m'magazi. Shuga wa m'magazi akapyola cha m'ma 10 mmol/L (muyeso wa kuchuluka kwa shuga m'magazi), zimalephera kubweza yense ndipo wina amatuluka ndi mkodzo. Kukodza pafupipafupi ndi ludzu losatha lija, gwero lake ndi limeneli.

Ku ubongo n'kosiyana kwambiri. Maselo akumeneko anagwirana zolimba, palibe mpata. Shuga amalowa pokhapokha atanyamulidwa ndi puloteni yotchedwa GLUT1, imene sidikira insulin, homoni ija yothandiza shuga kulowa m'maselo. Ubongo umadya magalamu pafupifupi 120 a shuga patsiku ndipo susunga wa mawa, n'chifukwa chake munthu shuga akamutsika amanjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuyankhula zosokonekera. Mukayeza n'kupeza wosafika 3.9 mmol/L, imwani kapena idyani shuga wokwana magalamu 15, muyezenso pakatha mphindi 15. Wokomoka musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Thamangirani naye kuchipatala.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'chakuti maselo a kachikopaka nawonso amalandira shuga kudzera mwa GLUT1 yomweyo, ndipo satha kutseka bwino khomo shuga akachuluka. Amangolandirabe mpaka adzadziridwe, n'kuyamba kuwonongeka. Zimayambira m'timitsempha tating'ono ta kuseri kwa diso, ta mu impso ndi timene timadyetsa minyewa ya kumapazi. Palibe ululu wokuchenjezani. Munthu amatha zaka akumva bwinobwino, maso akuwonongeka mwakachetechete. Kafukufuku wa matenda a shuga wotchedwa DCCT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1993, anapeza kuti mwa odwala shuga wa mtundu woyamba, kusunga shuga pafupi ndi mlingo woyenera kunachepetsa ndi 76 peresenti chiopsezo choyamba vuto la m'maso limeneli.

Nanga inu mungathandize bwanji? Minofu ndiyo ili m'manja mwanu. Maselo a minofu ali ndi chonyamulira chawochawo, GLUT4, chimene chimabisala mkati mwa selo mpaka insulin atachiitana. Koma mnofu ukamagwira ntchito, GLUT4 imatulukira yokha ngakhale insulin atachepa mphamvu, ndipo timitsempha ta mumnofumo timatseguka kuti magazi afike ochuluka. Pamenepo shuga amalowa m'minofu m'malo mongozungulira m'magazi n'kumakathithimira m'maso ndi mu impso.

Choncho mukatha kudya musathamangire kukagona kapena kukhala pampando. Yendani mphindi 10 mpaka 15, ndipo chofunika kwambiri ndi pambuyo pa chakudya chimene mwadya chambiri. Liwiro lake likhale loti mukupuma mwamphamvu pang'ono koma mukutha kucheza ndi mnzanu. Ngati miyendo ikuvuta, kuima ndi kukhala pampando mobwerezabwereza kumagwiritsanso ntchito minofu ikuluikulu ya m'ntchafu. Bungwe la WHO limalimbikitsa akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi zotere mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo timaulendo tatifupi timeneti timawerengedwa.

Amene mumabaya insulin kapena kumwa mapiritsi monga glibenclamide, nyamulani kanthu kotsekemera poyenda, poti shuga angatsike kwambiri. Kuyenda sikulowa m'malo mwa mankhwala, musawasiye. Valani nsapato zosathina, ndipo madzulo aliwonse yang'anani mapazi, makamaka pakati pa zala; phazi lochita dzanzi silimva chilonda chikamayamba. Fodya ndi kuthamanga kwa magazi zimavulaza kachikopa komweka, kotero fodyayo musiyeni ndipo BP muziyezetsa. Kamodzi pachaka, ngakhale mukuona bwino, pemphani kuti akuunikeni kuseri kwa maso ndi kukuyezani mkodzo ngati muli puloteni.