Momwe mungapangire mpondagiya wosambira m'manja pakhomo

Boma litalengeza pa 2 April 2020 kuti Covid-19 yapezeka ku Lilongwe, ife a kuno ku Mchinji tinadziwa kuti sitili patali. Anthu amadutsa pa Mwami kupita ndi kuchokera ku Chipata tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri amaima pa Kamwendo pomwe ndili ndi kagolosale. Ndowa ya mpopi inali itakwera mtengo, komanso aliyense amagwira mpopiwo ndi manja akuda. Ndiye ndinapanga mpondagiya, chigubu chopachika chomwe chimatulutsa madzi ukaponda kamtengo, osachigwira ndi manja, ndipo mpaka lero ndimagwiritsa ntchito, makamaka kolera itavuta mu 2022 ndi 2023.

Choyamba pezani chigubu cha malita 5 chokhala ndi chogwirira ndi chotsekera chake. Cha mafuta ophikira ndiye chabwino. Koma samalani ndi anyamata ogulitsa zigubu tsiku la msika. Kuno ndi kwa alimi a fodya, ndipo zigubu zina zinasungirapo mankhwala ophera tizilombo kapena petulo. Amazitsuka kunja kokha n'kumalumbira kuti munali mafuta. Tsegulani mununkhize musanapereke ndalama. Chikakhala chotchipa modabwitsa, chisiyeni.

Mufunikanso mphanda ziwiri zofika m'chifuwa, mtengo wopingasa, kamtengo kopondera, linya kapena chingwe cha nayiloni, ndi msomali. Luzi ayi, limaduka mvula ikangoyamba. Zikani mphandazo molimba, mutapaka oilo wakutha kumunsi kuti chiswe chisadye.

Tsopano chibowo, pomwe ine ndinaonongera zigubu ziwiri. Ulendo woyamba ndinatenga msomali wa mainchesi 6, n'kuuotcha pa mbaula mpaka kufiira, n'kuboola pakati pa chigubu. Pulasitiki inasungunuka, chibowo chinakula ngati chala. Nditathira madzi anayamba kutuluka okha ndisanaponde n'komwe, ndipo makasitomala atatu okha anasamba madzi n'kutha. Ulendo wachiwiri ndinachita mantha, ndinaboola ndi singano pafupi penipeni ndi chotsekera. Apo ndiye umachita kuponda mpaka chigubu kutembenuzika, madzi n'kumangodontha ngati misozi. Amayi ena anangopukuta manja m'chitenje n'kulowa.

Chomwe chinatheka ndi ichi: msomali waung'ono wa mainchesi 2, wotentha koma osafiira, mutaugwira ndi pulayala. Boolani mbali yomwe chigubu chizipendekera, kutsika kuchokera pa chotsekera ngati kutalika kwa zala zinayi zogundana. Lowetsani kamodzi, tulutsani msanga, osaugwedeza. Madzi muzithira osafika pa chibowocho. Ndipo musamange chotsekera kwambiri, chifukwa mpweya ukapanda kulowa madzi amatuluka modukizadukiza. Ine zimenezi ndinazizindikira patapita sabata, nditayamba kale kunena kuti chigubu n'cholodzedwa.

Mukatero lowetsani mtengo wopingasa m'chogwirira n'kuuika pa mphanda. Mangani linya pakhosi pa chigubu, mbali inayo pa nsonga ya kamtengo kopondera, nsongayo ikhale m'mwamba pang'ono. Mukaponda chigubu chiziwerama, mukachotsa phazi chizibwerera. Ngati sichikubwerera, chingwe chafupika.

Sopo mubooleni pakati, mumupachike pa chingwe, pamwamba pake muvindikire ndi kabotolo kodula kuti mvula isamusungunule. Gulani wamtanda wochapira muzidula, wonunkhira amasowa tsiku lomwelo. Ndi thovu la sopo lomwe limaononga kachilombo ka Covid-19, choncho kusamba kukhale kwa masekondi osachepera 20, pakati pa zala ndi m'zikhadabo momwe. Za masanitaiza ogulitsa m'mabotolo opanda chizindikiro musataye nazo ndalama. Weniweni amayenera kukhala ndi mowa wa spiriti wosachepera 60 pa 100 alionse, ndipo wothiridwa madzi sauma msanga m'manja.

Pansi kumbani kadzenje mudzazemo timiyala kuti pasachite matope. Madzi muzisintha m'mawa uliwonse, chigubu muzitsuka kamodzi pa sabata. Mpondagiya wina muike pafupi ndi chimbudzi. Klorini funsani kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, akuuzani ndi muyeso wake. Mpondagiyawu ana amausandutsa choseweretsa masiku oyamba, ndiye sungani linya lina lapadera.