Kusunga ndiwo m'matumba ochotsa mpweya

Mwafunsa ngati nyemba kapena nyama yophikaphika ingakhale miyezi m'thumba lochotsedwa mpweya. Ingathe, koma mufiriji youmitsa basi.

Mukaphika, ziziritsani msanga, asadutse maola 2. Gawani ndiwo zokwanira mgonero umodzi umodzi. Zamsuzi muyambe mwaziumitsa pang'ono mufiriji, apo ayi makina ochotsa mpweya amakoka msuziwo ndipo kukamwa kwa thumba sikumatika. Matani, lembani tsiku, ikani pa -18°C.

Chonde musazisiye pashelefu, chifukwa tizilombo toyambitsa botulism, matenda oopsa obwera ndi poizoni wa m'chakudya, timaswana bwino pomwe palibe mpweya. Magetsi akathima muno mu Lusaka musamatsegule firiji pafupipafupi. Firiji youmitsa yodzaza imasunga kuzizira pafupifupi maola 48.

Kapenta wa ku Soweto Market yekha, ngati wauma gwa, mutha kumata ndi kuika m'kabati.