Kapangidwe ka vinyo wa chidede kunyumba

Aliyense wofuna kuyamba kupanga vinyo kunyumba ndimamuuza kuti ayambe ndi chidede. Nthochi zimavuta kusefa, mango amachedwa kudikha, koma chidede sichivutitsa munthu. Chimafiira chokha, chimawawasa mokwanira moti mandimu safunika, ndipo chouma chimapezeka m'misika. Pogula sankhani chofiira moderako, chosanunkha chinyontho.

Pa malita 5 ndimagwiritsa ntchito chidede chouma magalamu 150, shuga kilogalamu imodzi ndi magalamu 100, yisiti supuni yaing'ono imodzi, ndi mphesa zouma zodzaza dzanja. Mphesazo n'chakudya cha yisiti, chifukwa chidede pachokha chilibe zambiri zomudyetsa. Yisiti wa vinyo ndiye wabwino, koma wa buledi amagwiranso ntchito, kungoti vinyo wake amachedwa kuyera. Shuga musamuwonjezere poganiza kuti vinyo akhala waukali. Magalamu pafupifupi 17 pa lita amapereka 1 peresenti ya mowa, choncho muyeso uwu umafikitsa pa 12 kapena 13. Mukapitirira pamenepo yisiti amafooka, n'kukusiyirani madzi otsekemera osapsa.

Wiritsani madzi malita 3 mumphika wa stainless steel. Wa aluminiyamu ayi, asidi wa chidede amaudya ndipo vinyo amamveka chitsulo m'kamwa. Phulani, thirani chidede chotsuka, vindikirani mpaka madzi afiire kwambiri. Sefani pa nsalu yoyera madzi akadali otentha, sungunulirani shuga momwemo, ponyanimo mphesa zoduladula, kenaka onjezani madzi owiritsa ozizira kuti afike malita 5. Dikirani mpaka akhale ofunda chabe, ngati osambitsira khanda. Yisiti muyambe mwamuthira m'kapu ya madzi ofunda ndi kashuga pang'ono. Akachita thovu pakatha mphindi 15 ndiye kuti ali moyo, muthireni.

Masiku 4 kapena 5 oyamba zikhale mundowa yovindikira ndi nsalu yomanga bwino, ndipo muzitakasa kamodzi patsiku. Kenaka sefaninso n'kuthira m'botolo lalikulu la madzi akumwa, kusiya mpata pang'ono kukhosi.

Apa ndi pamene ndimafuna mumvetsetse, chifukwa vinyo wambiri amawonongekera pomwepa. Yisiti akamadya shuga amatulutsa mpweya wofunika kutuluka, koma mpweya wakunja usalowe, ngakhalenso timantchentche tija timakonda nthochi zakupsa. Zimenezi zikalowa, vinyo amasanduka viniga. Boolani chivindikiro, lowetsani kapaipi kopyapyala, matani m'mbali ndi phula la kandulo, ndipo mbali ina ya paipiyo imire m'kabotolo ka madzi. Mudzaona tithovu tikutuluka m'madzimo usana ndi usiku. Ukhondo nawonso si wochita mwachidule. Ndowa, nsalu, supuni ndi paipi ine ndimazitsuka ndi sopo, kuziviika m'madzi a WaterGuard, n'kuzitsukuluza ndi madzi owiritsa mpaka fungo litheretu. Chigubu chimene munakhalapo mafuta a galimoto, palafini kapena mankhwala a kumunda musachiyese n'komwe, ngakhale chitatsukidwa motani.

Ikani botolo pamalo amdima, ozizirira. Kutentha kwa Okutobala kumachititsa yisiti kugwira ntchito mothamanga ndipo vinyo amatuluka wokakala pakhosi, n'chifukwa chake ndimakonda kupanga mu Meyi ndi Juni, chidede chatsopano chitangokololedwa. Kuzizira kumachedwetsa, inde, koma kukoma kwake kumasiyana.

Pakatha milungu 3 mpaka 6 tithovu timasiya. Musathamangire mabotolo. Dikirani mlungu wina wathunthu, kenaka kokani vinyo ndi paipi kupita m'botolo lina loyera loikidwa pansi, osagwedeza nsenga zakhala pansizo. Bwezerani chivindikiro cha paipi chija, musiye mwezi, mukokenso kachiwiri. Akayera moti mukuona chala kuseri kwa tambula, thirani m'mabotolo agalasi n'kutseka. Vinyo wotsekeredwa asanamalize kuwira amaphulitsa botolo, ndipo magalasi ake amavulaza. Pa chifukwa chomwecho, ngati mumakonda wotsekemera, shuga muzithira m'tambula pomwa, osati m'botolo.

Wongotha kumene amakhala wowawasa ndi kafungo ka yisiti, ndipo ambiri amagwa ulesi poganiza kuti walephereka. Mpatseni miyezi itatu. Amafewa, fungo lija limachoka, ndipo amayenda bwino ndi nyama yootcha. Pa botolo lililonse matani kapepala kolemba tsiku ndi muyeso wa shuga, kuti ulendo wina mudziwe posintha. Mabotolowo muwatsekere pamalo pamene ana safika, chifukwa kwa mwana vinyo wa chidede amaoneka ngati juwisi.