Mmene mungachepetsere maloto oopsa pambuyo poferedwa

Munthu akaferedwa amayembekezera kuti azilota amene wamwalirayo, ndipo nthawi zambiri zimaterodi. Koma pali maloto ena osautsa kwambiri amene oferedwa sakonda kuwatchula, omwe ndi kulota imfa ya anthu amene akadali ndi moyo. Mayi amene wangoika mwamuna wake m'manda amayamba kulota mwana wake akumira m'madzi, ndipo mnyamata amene bambo ake anamwalira mwadzidzidzi amalota akumuimbira foni kuti mayi akenso atsikira kuli chete. Ineyo zinandichitikira mayi anga atamwalira. Kwa miyezi ingapo ndinkadzidzimuka cham'bandakucha, thukuta lili kamukamu, n'kunyang'ama kupita kuchipinda cha mwana wanga kukaika dzanja pachifuwa pake kuti ndimve ngati akupuma. Ndinkabwerera nditatsimikiza kuti ali bwino, koma tulo tinkakhala titabalalika, ndipo usiku wotsatira ndinkaopa ngakhale kuzimitsa nyale.

Chinthu choyamba chimene muyenera kuchigwiritsitsa n'chakuti maloto amenewa sakulosera chilichonse. Akunena za zimene zinachitika kale, osati zimene zikubwera. Imfa isanalowe m'nyumba mwanu munkadziwa ndithu kuti munthu aliyense amafa, koma tsopano mwaziona ndi maso, ndipo ubongo, umene ntchito yake yaikulu ndi kukutetezani ku zoopsa, wayamba kulondera aliyense amene mumamukonda. Masana ntchito ndi macheza zimaphimba mantha amenewo, koma usiku palibe chowaphimba. N'chifukwa chake munthu amene mumamulota akufa amakhala amene mumamukonda kwambiri kapena amene mukumudalira tsopano, ndipo lotolo limabwereka zinthu za pa imfa yoyamba ija, monga chipinda cha kuchipatala, kulira kwa foni usiku, kapena kufika mochedwa zonse zitatha kale.

Zimathandizanso kudziwa mmene tulo timayendera. Mu 1953, Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman a pa yunivesite ya Chicago anapeza kuti pali gawo la tulo limene maso amayendayenda mofulumira mkati mwa zikope, ndipo munthu akadzutsidwa pa nthawiyo kawirikawiri amafotokoza loto limene akulikumbukira bwino. Gawoli limatchedwa REM. Limabwera pafupifupi mphindi 90 zilizonse, likuyamba lalifupi n'kumatalika kukamayandikira kucha, ndipo ichi ndicho chifukwa chake maloto oopsa amakonda kudzutsa munthu m'theka lachiwiri la usiku. Pa nthawi imeneyi ubongo umafooketsa minofu ya manja ndi miyendo kuti munthu asachite zimene akulotazo. Choncho ngati mukadzuka mumakhala kanthawi osatha kusuntha kapena kufuula, palibe chimene chakugwirani, koma thupi langochedwa kutuluka m'gawo limenelo, ndipo zimatha zokha pakapita masekondi kapena mphindi zochepa.

Mukadzidzimuka usiku, musayambe kumasulira lotolo nthawi yomweyo, chifukwa maganizo a munthu wamantha pakati pa usiku amangopeza tanthauzo loipitsitsa. Yatsani nyale yosawala kwambiri, khalani tsonga, pondani pansi kuti mapazi amve kuzizira, ndipo tchulani chapansipansi zinthu zisanu zimene mukuziona m'chipindamo. Kenako dziuzeni kumene muli, tsiku la lero, ndi kuti amene munamulotayo ali moyo. Kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4, n'kuutulutsa pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6 kapena 8, pakuti kutulutsa mpweya motalika kumathandiza mtima kuchepetsa kugunda. Ngati papita mphindi ngati 20 tulo osabwera, dzukani mukakhale pena, muchite chinthu chofatsa monga kuwerenga, ndipo mubwerere pabedi tulo tikayamba kukugwirani.

Nkhani yokasuzumira munthu amene mwamulotayo ndi yovuta, ndipo ndikunena zimene ndinaphunzira mochedwa. Kupita kamodzi si kulakwa, koma zikasanduka chizolowezi zimawonjezera mantha amene mukufuna kuwathetsawo, chifukwa nthawi iliyonse imene mwapita kukaona, ubongo umatenga kuti panalidi choopsa chimene chinafunika kuthamangira. N'chimodzimodzi ndi kuimbira foni m'bale pakati pa usiku. Yambani ndi kudikira mphindi zisanu musananyamuke, mawa lake khumi, mpaka muzitha kudikira kuti kuche.

Ntchito yeniyeni yothana ndi malotowa imachitika masana. Pali njira imene madokotala amaitcha Imagery Rehearsal Therapy, imene Barry Krakow ndi anzake anaikonza ndi kuiyesa ku New Mexico, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1990. Mu 2001 anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo m'magazini ya zachipatala ya JAMA, zosonyeza kuti amayi amene anachitidwapo nkhanza zogwiriridwa ndipo ankavutika ndi maloto oopsa anayamba kulota zoopsazo mocheperapo atagwiritsa ntchito njirayi. Mfundo yake ndi yakuti loto lobwerezabwereza limakhala ngati njira imene ubongo wazolowera kudutsamo, ndipo mukauzoloweretsa njira ina muli maso, umayamba kuitsata ngakhale muli m'tulo.

Sankhani loto limodzi, ndipo ngati muli ndi angapo, yambani ndi limene silikuopsani kwambiri. Lilembeni mwachidule m'kope, masana osati usiku. Mukatero lisintheni mmene mukufunira. Mutha kusintha mathero okha, malo, anthu amene alimo, kapenanso loto lonse, ndipo zimene mwasinthazo sizifunika kukhala zotheka m'moyo weniweni. Chofunika n'chakuti loto latsopanolo likhale ndi zinthu zooneka, zomveka ndi zokhudzika, osati mawu okha oti zonse zinatha bwino. Kenako tsiku lililonse khalani pamalo achete kwa mphindi 10 mpaka 20, tsinzinani, ndipo lidutseni loto latsopanolo m'maganizo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Loto lakalelo musalibwerezenso. Likadzilowetsa lokha, tsegulani maso, pumani, n'kuyambiranso latsopanolo.

Loto langa linali lakuti mwana wanga wagona pabedi limene mayi anamwalirirapo, ine ndikuthamanga m'khonde la chipatala limene silikutha. Polisintha, ndinaika chitseko chobiriwira pamapeto pa khondelo. Ndinkachikankha, n'kupeza bedilo layalidwa bwino popanda munthu, mwanayo atakhala pawindo akujambula ndi pensulo, dzuwa likumuomba kumsana, ndipo ankatembenuka n'kundifunsa chimene ndachedwera. Mlungu woyamba sipanasinthe kanthu, ndipo ndinatsala pang'ono kusiya. Pambuyo pake khondelo linayamba kufupika, kenako usiku wina ndinalota chipatalacho koma sindinadzidzimuke. Anthu ena amaona kusintha msanga, ena pakapita milungu ingapo, choncho musaiweruze njirayi pa masiku atatu okha.

Ngati amene mukumulota ndi malemuwo, maganizo anga ndi akuti musasinthe lotolo kuti lioneke ngati sanamwalire, chifukwa mukatsegula maso ululu umabwera mwatsopano. Ndi bwino kulisintha kuti mupeze mpata wonena zimene simunanene, kapena kuti muwaone ali pamtendere mukutsanzikana nawo. Koma ngati lotolo likubwereza ndendende imfa yoopsa imene munaionerera, monga ngozi ya pamsewu, kuphedwa kapena kudzipha, musayese njirayi nokha. Ichitireni limodzi ndi phungu kapena dokotala wa matenda a maganizo, chifukwa kukumbukira zinthu zoterozo popanda wokuthandizani kungakulitse vutolo.

Chisoni chimene chasowa malo masana chimakonda kuwapeza usiku. Patulani nthawi yake, ngakhale mphindi 15, yoti muone zithunzi, mulembe kalata kwa malemuwo, mupemphere ngati ndinu wopemphera, kapena mungolira, koma nthawiyo isayandikane ndi yokagona. Kuwerenga mauthenga awo akale pafoni muli kale pabedi kuli ngati kusankhira ubongo zoti ulote. Uzaninso munthu mmodzi amene mumamukhulupirira za malotowa, pakuti loto lobisidwa limaoneka lalikulu kuposa mmene lilili. Kwa amene munamulota akufayo, makamaka ngati ndi mwana, si bwino kufotokoza zonse zimene munaona. Zimene akufunika kumva n'zakuti chichitikireni malirowo mumaopa kumutaya, ndipo mantha amenewo ndi anu, si mlandu wake.

Mowa umaoneka ngati ukuthandiza chifukwa umagonetsa msanga, koma umapondereza tulo ta REM kumayambiriro kwa usiku, ndipo ukamatha m'thupi tuloto timabwerera mwamphamvu, maloto ake ali owawa kuposa kale. Kuchedwa dala kugona poopa kulota kumachitanso chimodzimodzi. Khofi ndi tiyi wamphamvu zisiyeni masana akapitirira, popeza theka la caffeine, chinthu chobalalitsa tulo chimene chili m'zakumwazi, limakhala likadali m'magazi pakapita maola pafupifupi 5. Yesetsani kugona ndi kudzuka pa nthawi yofanana tsiku lililonse, ngakhale usikuwo utakhala woipa. Onaninso mankhwala amene mukumwa, chifukwa ena amadziwika kuti amabweretsa maloto achilendo, monga efavirenz wa HIV, mefloquine wa malungo, propranolol wa mtima ndi kuthamanga kwa magazi, komanso ena a matenda a kukhumudwa. Musasiye kumwa mankhwala alionse pa inu nokha. Kauzeni amene anakulemberani, iye ndiye aone ngati angasinthe mtundu wake kapena nthawi yomwera.

Kwa anthu ambiri malotowa amachepa okha chisoni chikamapepuka, koma pali pamene kudikira sikuthandiza. Pitani kuchipatala ngati mukulota zoopsa kangapo pa mlungu kwa nthawi yopitirira mwezi, ngati mukulephera kugwira ntchito kapena kusamalira ana chifukwa chosagona, kapena ngati zithunzi za imfayo zikukubwererani ngakhale masana. Bungwe la World Health Organization, m'ndandanda wake wa matenda wa ICD-11 umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, limazindikira chisoni chosatha ngati vuto lofunika thandizo pamene chapitirira miyezi 6 chili chowawa kwambiri ndipo chikusokoneza moyo wa munthu. Ngati mwayamba kuganiza zodzipha kapena zotsatira malemuwo, musadikire mwezi kapena mlungu, uzani munthu wapafupi ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Popita kukaonana ndi dokotala kapena phungu, tengani kope limene mwakhala mukulembamo kwa milungu iwiri nthawi imene munagona, nthawi imene munadzidzimuka, zimene munamwa madzulo ake, ndi mzere umodzi wonena za lotolo. Tenganinso mankhwala onse amene mukumwa m'mapaketi ake, ndipo mutchule tsiku limene imfayo inachitika ndi mmene inachitikira, ngakhale atapanda kukufunsani.