Momwe mungayambitsire gulu lothandizana la aphunzitsi a Chingerezi ku Japan

Sukulu za ku Japan zimatsegulira mu Epulo, ndiye gulu lanu likhale litaima pofika Malichi. A JET, pulogalamu ya boma yobweretsa aphunzitsi akunja imene inayamba mu 1987, ali kale ndi bungwe lawo la AJET lowagwira dzanja. Amene amasowa mtengo wogwira ndi ife obwera kudzera m'makampani obwereketsa aphunzitsi kusukulu.

Pezani anthu atatu odzipereka amene atha chaka m'dzikomo. Mmodzi akhale wodziwa kuwerenga Chijapani, chifukwa mlendo aliyense wodzakhala m'dzikomo ayenera kukalembetsa adiresi yake ku ofesi ya mzinda pasanathe masiku 14, ndipo mafomu ake ndi obalalitsa mutu. Kenako tsegulani gulu pa LINE, pulogalamu ya pafoni yotumizirana mauthenga.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa m'pamene ndinapsa. Ine ndinamwaza linki yolowera pa Facebook, ndikuti aliyense abwere. Mwezi usanathe tinadzaza, ine n'kumadziona ngati katswiri. Osadziwa kuti mwa olowawo munali kapitawo wa kampani ina, wadzina labodza ndi chithunzi cha mphaka. Mlongo wathu wina anadandaula m'gulumo kuti amudula malipiro a Ogasiti ati poti ana anali pa holide, komanso kuti kontrakiti yake anailemba maola 29.5 pa sabata, kachenjerero kakale kozembera shakai hoken, inshulansi ya zaumoyo ndi penshoni ya ogwira ntchito. Lolemba lake anamuitanitsa ku ofesi. Patebulo panali mapepala awiri, mawu ake onse atasindikizidwa, mpaka tizithunzi toseka tomwe. Chaka chitatha sanamuonjezere kontrakiti. Ndimamvabe chisoni.

Ndiye musalowetse munthu musanamuone nkhope. Muimbireni pa vidiyo mphindi zisanu, mumufunse mzinda umene akuphunzitsa ndi amene wamuuza za gululo. Musamuuze kuti atumize chithunzi cha zairyu kadi yake, chiphaso cha mlendo chokhalira m'dzikomo. Chiphaso cha mnzanu si chosunga m'foni mwanu. Nkhani za malipiro ndi mabwana zizikambidwa pamaso, osati polemba.

Ogulitsa nawonso amalowerera. Wina amatsatsa satifiketi ya TEFL, yophunzitsira Chingerezi, yoti mumalize Loweruka ndi Lamlungu lokha, chonsecho satifiketi inzake ya CELTA ya Cambridge imadya maola 120. Chotsani msanga. Mafiriji ndi njinga za anzathu amene akubwerera kwawo zokha muzilola, mitengo yake imakhala yabwino.

Zotsalazi n'zosavuta. Muzikumana kamodzi pamwezi ku kominkan, holo ya m'dera, chipinda chake n'chotchipa kuposa kukhala mu lesitilanti. Musadziyese maloya: za malipiro tumizani munthu ku ofesi yoona za malamulo a ntchito kapena ku General Union, bungwe la ogwira ntchito la ku Osaka. Wosweka mtima mupatseni nambala ya TELL, amene akhala akumvetsera anthu pafoni m'Chingerezi kuyambira 1973. Wosintha kampani akadziwitse a imigireshoni, nakonso ndi masiku 14. Foni ya gulu muzisinthana sabata ndi sabata.